Pepala la kafukufuku: kulikonzera njira ndi kugwirizanitsa mwininkhani ndi mneni m'Chingerezi

Wophunzira wa chaka chomaliza kuno ku Lilongwe, kaya ali ku Bunda, ku Nalikule kapena kusukulu ya anamwino ya KUHeS, amafika poti alembe pepala la kafukufuku, ndipo pepalalo limalembedwa m'Chingerezi. Likabwerako kwa a supavaiza, inki yofiira imakhala itaunjikana malo awiri. Pena amalemba kuti sakumva chimene mukufufuza. Pena amangozunguliza timawu ting'onoting'ono monga "is", "have" ndi "were". Ambiri amayesa kuti awa ndi matenda awiri osiyana, koma kawirikawiri gwero lake ndi limodzi: wolembayo sanatsimikize kuti akunena za ndani, ndiponso kuti ameneyo akuchita chiyani. Munthu amene mutu wake sunamulowe bwino amalemba ziganizo zazitali zolambalala, ndipo m'chiganizo chachitali mneni amasochera n'kukagwirizana ndi dzina limene langomuyandikira, kusiya mwininkhani weniweni. N'chifukwa chake tiyamba ndi dongosolo la pepala, galamala ibwera pambuyo.

Yambani ndi chiganizo chimodzi cha m'Chichewa

Laputopu muyambe mwaisiya. Tengani kope ndi cholembera, mulembe chiganizo chimodzi chokha chonena chimene mukufuna kudziwa, ndipo muchilembe m'Chichewa. Chingerezi chimalola munthu kubisala m'mawu akuluakulu ngati "assessment" kapena "impact" iye mwini asakudziwa chimene akayeze. M'Chichewa mulibe pobisala potero. Chiganizocho chiyankhe zinthu zinayi: ndani, chiyani, kuti, liti.

"Kuwonongeka kwa zakudya m'Malawi" si mutu wa pepala, ndi munda woti bungwe lathunthu liulime zaka khumi. Koma mukati, "Ndikufuna kudziwa kuchuluka kwa tomato amene ogulitsa a mumsika wa Lizulu, mumzinda wa Lilongwe, amataya pa sabata nthawi ya dzinja, ndi zimene zimachititsa," mwapeza ntchito yoti munthu mmodzi wokhala ndi ndalama ya minibasi aithe m'miyezi inayi. Kawerengereni chiganizocho mayi anu kapena mnzanu amene sachita maphunziro anuwo. Akatha kukubwerezerani m'mawu awo, mutu wapsa. Akafunsa kuti "ndiye mukufuna chiyani kwenikweni?", bwererani mukauchepetsenso.

M'chiganizo chimenechi mutuluka cholinga chachikulu chimodzi ndi zolinga zing'onozing'ono zitatu, zikachulukitsa zinayi. Chilichonse chiyambe ndi mneni wa ntchito yooneka ndi maso: "to measure", "to identify", "to compare". Pewani "to understand" ndi "to know", pakuti palibe tebulo limene mungaloze n'kunena kuti apa ndi pamene ndinamvetsa. Mukatero jambulani tebulo la zigawo zinayi: cholinga, funso limene cholingacho chikuyankha, kumene yankho lichokere, ndi mmene mudzasanthulire zimene mwapeza. Tebulo limeneli ndiye msana wa pepala lonse. Funso lililonse limene mukafunse anthu likhale ndi cholinga chimene likutumikira, ndipo lopanda mwini lichotseni ngakhale likusangalatseni chotani. Zolinga zomwezi ndizo zidzakhale mitu ing'onoing'ono m'chaputala cha zotsatira, mwa ndondomeko yomweyo.

Kuwerenga

Kuwerenga kwenikweni kuyambe zolinga zitakhazikika, apo ayi mudzaunjika ma PDF ambirimbiri osadziwa chimene mukufunamo. Yambani ndi laibulale ya pakoleji panu, makamaka mapepala a ophunzira akale a m'dipatimenti yanu, chifukwa akuonetsani kutalika ndi kaonekedwe kamene aphunzitsi anu amayembekezera. Pa intaneti pali Google Scholar ndi African Journals Online. Ziwerengero za dziko lino zitengeni m'malipoti a National Statistical Office, osati pa Facebook. Kalembera wa 2018, mwachitsanzo, anapeza kuti mumzinda wa Lilongwe munali anthu 989,318, ndipo nambala yotere muziilemba pamodzi ndi chaka chake chifukwa mzindawu ukukulirakulira.

Chilichonse chimene mwawerenga, lembani nthawi yomweyo dzina la wolemba, chaka, mutu, dzina la jenolo, voliyumu ndi masamba. Kufunafuna zimenezi kutatsala tsiku limodzi ndi kumene kumagonetsa anthu m'bandakucha. Pulogalamu ya pakompyuta yotchedwa Zotero ndi yaulere ndipo imasunga zonsezi n'kuzisanja m'kalembedwe ka APA kapena Harvard, zimene ndi njira zolembera mndandanda wa zimene mwawerenga. Manotsi mulembe m'mawu anuanu. Mukakopera mawu a mwini, aikeni m'mitengero pompo ndi nambala ya tsamba, chifukwa pakatha mwezi simudzakumbukiranso kuti chiganizo chiti n'chanu, ndipo mlandu wakuba nzeru za ena umayambira pamenepa. Manotsiwo asanjeni potsata zolinga zanu, osati potsata olemba. Chaputala chimene chimangoti uyu anati chakuti, uyo anati chakuti, ndi kaundula wa mayina chabe. Chofunika n'kuonetsa pamene olemba akugwirizana, pamene akutsutsana, ndi mpata umene inu mukutseka.

Anthu angati, mafunso otani, chilolezo cha ndani

A supavaiza adzakufunsani kuti nambala ya anthu mwaitenga kuti. Ngati mukudziwa chiwerengero cha gulu lonse, njira ya Yamane ndi yosavuta: n = N ÷ (1 + N × e × e), pamene n ndi nambala ya anthu oti muwafunse, N ndi gulu lonse, ndipo e ndi mpata wa kuphonya umene mwaulola, umene nthawi zambiri ndi 0.05. Tiyerekeze kuti ogulitsa alipo 400. Ndiye 400 × 0.05 × 0.05 ndi 1, kuphatikiza 1 ndi 2, ndipo 400 kugawa ndi 2 ndi 200. Onjezerani 20 chifukwa ena adzakana, ena adzasiyira mafunso panjira kasitomala akafika. Ngati nthawi ndi ndalama sizikulola nambala yotere, nenani poyera m'pepala kuti munafunsa angati ndi chifukwa chake. Kudzaza nokha mafomu otsala kuchipinda ndi chinyengo, ndipo manambala opeka amadziulula okha chifukwa amafanana mopitirira muyezo.

Mafunso alembeni m'Chingerezi, muwamasulire m'Chichewa, kenako mupemphe munthu wina amene sanaone Chingerezi choyambacho kuti awabwezere m'Chingerezi. Pamene ziwirizo zasiyana ndi pamene funso lanu lili ndi matanthauzo awiri. Kawayeseni kaye pa anthu khumi a msika wina, kaya ku Kawale kapena ku Area 25, musanapite kumsika weniweniwo. Kuyesaku kumaulula zinthu zimene simungaziganize muli pa desiki. Wogulitsa tomato sayeza ndi makilogalamu, amayeza ndi mulu, beseni ndi dengu. Funso loti "mumataya makilogalamu angati?" lidzakupatsani manambala ongoganizira. Funsani m'miyezo yawo, kenako mutenge sikelo muyeze milu khumi ndi mabeseni khumi kuti mupeze kulemera kwa pakatikati.

Za chilolezo musazengereze. Mufunika kalata ya kukoleji, ndipo kafukufuku wokhudza anthu amayenera kudutsa m'komiti yoona za ufulu ndi chitetezo cha ofunsidwa. Za umoyo zimapita ku National Health Sciences Research Committee kapena ku komiti ya KUHeS imene yakhala ikudziwika ndi dzina loti COMREC, pamene za chikhalidwe cha anthu zili ndi komiti yake pansi pa National Commission for Science and Technology. Funsani ku dipatimenti kuti yanu ndi iti, popeza makoleji ena ali ndi makomiti awoawo. Mumsika wa khonsolo, kaonaneni kaye ndi oyang'anira msika ndi atsogoleri a ogulitsa. M'dera lokhala anthu, yambani kwa mfumu.

Kalendala yowerengera chobwerera

Lembani tsiku lomaliza kupereka pepala, kenako muwerengere chobwerera m'mbuyo. Ngati muli ndi masabata 16, awiri oyamba ndi a mutu ndi zolinga, atatu otsatira ndi owerenga ndi kulemba propozo (chikalata chofotokoza kafukufuku amene mukufuna kuchita), awiri ndi odikira chilolezo uku mukuyesa mafunso, atatu ndi otolera mayankho, awiri osanthula, awiri olemba, sabata imodzi pepala lili kwa a supavaiza, ndipo yomaliza ndi ya galamala yokha. Sabata yomalizayi ndi imene anthu amaidya poyamba zinthu zikachedwa. Itetezeni, chifukwa zonse zimene tikambe m'munsimu zimafuna maso opumula. Kumbukiraninso nyengo: ngati mukupita kumidzi ya kunja kwa mzinda pakati pa Disembala ndi Malichi, misewu ina imavuta ndipo alimi amakhala kumunda mpaka masana.

Polemba musayambire tsamba loyamba. Yambani ndi chaputala cha njira zimene munatsata, popeza n'chongofotokoza zimene munachita. Tsatizani zotsatira, kenako kukambirana kwake, ndiye mubwerere kukonza mawu oyamba. Abstract, imene ndi chidule cha pepala lonse, ndi yomaliza. Failo iliyonse muziitchula ndi deti, ndipo madzulo aliwonse muziisunga malo atatu: pa laputopu, pa flashi, ndi pa imelo kapena Google Drive.

Chichewa chili ndi mgwirizano wochuluka kuposa Chingerezi

Munthu wolankhula Chichewa alibe chifukwa choopera nkhani imeneyi. Timati mwana wagwa, ana agwa, chingwe chaduka, zingwe zaduka, mtengo wauma, mitengo yauma, dengu lathyoka, kamwana kagona. Gulu lililonse la mayina lili ndi agwirizanitsi ake ndipo sitiphonya. Chingerezi chimafunsa makamaka funso limodzi: mwininkhani ndi mmodzi kapena ndi ambiri? Ndiponso chimalifunsa malo ochepa: pa "is" ndi "are", "was" ndi "were", "has" ndi "have", "does" ndi "do", ndi pa s wa kumapeto kwa mneni wa nthawi ya tsopano. Aneni ena a nthawi yakale monga "sold" ndi "reported" sasintha. "Can", "will", "should", "may" ndi "must" sasinthanso, ndipo mneni wobwera pambuyo pawo, kapena pambuyo pa "does" ndi "did", salandira s. Timati "the vendor does not sell", osati "does not sells".

Nanga n'chifukwa chiyani timalakwitsa? Chifukwa choyamba n'chakuti s amagwira ntchito ziwiri zotsutsana. Pa dzina amatanthauza zambiri, pa mneni amatanthauza chimodzi: "the vendor sells" koma "the vendors sell". M'Chichewa tinazolowera kuti dzina ndi mneni zizimveka mofanana, zingwe za-, chingwe cha-, ndiye dzanja limafuna kulemba "the vendors sells" kuti zifanane. Kumbukirani kuti s amakhala mbali imodzi yokha. Muchenjere ndi mayina amene amachuluka popanda s, monga "women", "children" ndi "people": amenewa amatenga "sell", "are" ndi "have".

Chifukwa chachiwiri sichikambidwa kawirikawiri. Pa mayina a anthu, Chichewa chenichenicho sichisiyanitsa mmodzi ndi ambiri m'nthawi zingapo za mneni. Mlimi amagulitsa, alimi amagulitsa. Mlimi anakana, alimi anakana. Khutu lathu silinazolowere kumva kusiyana pamenepa, chonsecho pepala la kafukufuku ladzaza ndi anthu: "respondents", "farmers", "nurses", "learners". Pali njira yodzithandizira. Sandutsani chiganizocho kuti chikhale cha zimene zangochitika kumene, pamene Chichewa chimasiyanitsa: mlimi wagulitsa, alimi agulitsa. "Mmodzi mwa alimi wagulitsa" likuuzani lokha khutu kuti mwininkhani ndi mmodzi, choncho "one of the farmers has sold", osati "have".

Masitepe anayi pa chiganizo chilichonse chokayikitsa

Pezani mneni, mumutseke mzere kunsi. Dzifunseni kuti ndani kapena n'chiyani chikuchita zimenezi, ndipo muzungulize liwu limodzi lokha, osati gulu la mawu. Phimbani ndi chala zonse zimene zili pakati pa liwulo ndi mneni, makamaka zoyamba ndi "of", "in", "from", "by", "who" ndi "which". Pomaliza, m'malo mwa liwu lozungulizidwalo ikani "it" kapena "they", muwerenge mokweza.

Tengani chiganizo ichi: "The quality of the tomatoes sold by vendors in both markets were poor." Mneni ndi "were". N'chiyani chinali choipa? Si misika, si ogulitsa, si tomato, koma "quality". Mukaphimba zapakati mutsala ndi "the quality were poor", ndipo aliyense akumva kuti pafunika "was". Zimenezi mumazichita kale m'Chichewa. Mumati mtengo wa matumba a chimanga wakwera. Simunganene kuti chakwera chifukwa choti chimanga ndicho chayandikira mneni.

Mbuna zochokera m'Chichewa

Ulemu ndi woyamba. Ife timati aphunzitsi abwera, bambo adwala, a nduna alankhula, tikunena munthu mmodzi. Chingerezi sichichulukitsa munthu pomulemekeza. Ndi "the Minister has said", "the village head was consulted", "my supervisor has guided me". Cholakwa ichi chimakonda kubisala patsamba lothokoza, pamene mtima uli pa ulemu.

Yachiwiri ndi pali, kuli ndi muli. Timati pali vuto limodzi, pali mavuto asanu, ndipo pali sasintha chifukwa amagwirizana ndi malo. M'Chingerezi "there" si mwininkhani. Mwininkhani ali kutsogolo kwa mneni, choncho "there is one problem" koma "there are five problems", "there was a delay" koma "there were several delays".

Yachitatu ndi mayina amene kwa ife ndi ambiri koma kwa Mngerezi ndi chinthu chimodzi chosawerengeka. Timati madzi aphwa, ndalama zatha, zipangizo zawonongeka, malangizo aperekedwa, ndipo dzanja limathamangira "are" ndi "were". Koma ndi "water is", "money was", "equipment was", "advice was given". M'gulu lomweli muli "information", "evidence", "research", "knowledge", "furniture", "maize" ndi "news". Mawuwa salandiranso s wochulukitsa: palibe "informations", "equipments" kapena "advices". Mukafuna kuwerenga, sinthani liwu. "Research shows" koma "studies show". "The equipment was old" koma "the three machines were old".

Yachinayi ndi pamodzi ndi. M'Chichewa, mfumu pamodzi ndi nduna zake afika, onse awerengedwa. M'Chingerezi "and" yekha ndiye amaphatikiza eninkhani: "heat and poor handling increase losses". Koma "together with", "as well as", "along with" ndi "including" amangowonjezera nkhani yapambali, ndipo mneni amatsata dzina loyamba: "the chairperson, together with the committee members, was interviewed". Ngati chiganizo chotere chikukumvekerani chachilendo, lembani "and" n'kuika "were". Pa "or" ndi "nor" lamulo ndi lina, mneni amatsata dzina lomuyandikira: "neither the supplier nor the vendors were aware".

Pali malo awiri pamene Chichewa chimakuthandizani. Timati aliyense wabwera, osati abwera, ndipo momwemonso "each", "every", "everyone" ndi "nobody" amatenga mneni wa mmodzi: "each of the vendors was given a form". Timatinso kusunga tomato m'majumbo kumawoletsa, mneni kutsata kusunga. Chimodzimodzi "storing tomatoes in plastic bags increases losses", chifukwa mwininkhani ndi "storing".

Manambala, pamene chaputala cha zotsatira chimaterera

"A number of" amatanthauza angapo, choncho "a number of vendors were absent". "The number of" ndi nambala imodzi, choncho "the number of vendors was 200". Kusiyana kuli pa kaliwu kamodzi ka kumayambiriro.

Maperesenti ndi magawo alibe nambala yawoyawo, amabwereka kwa dzina lobwera pambuyo pa "of". "Sixty percent of the respondents were women", koma "sixty percent of the harvest was lost". Lamulo lomweli likhudza "half of", "most of", "some of", "all of" ndi "the majority of". Dzina likapanda kulembedwa, monga mu "only 12% were satisfied", dzifunseni kuti 12% ya chiyani. Koma mukayamba ndi "the percentage of" kapena "the proportion of", mwabwerera kwa chinthu chimodzi: "the proportion of women was higher". Ndalama, nthawi ndi mtunda zikatengedwa ngati mtolo umodzi zimatenganso mneni wa chimodzi: "five thousand kwacha is the daily average", "three weeks was enough".

Mawu ochokera ku Chilatini ndi Chigiriki amachuluka mwa njira yawo. Chimodzi ndi "criterion", "phenomenon", "hypothesis", "analysis", "bacterium". Zambiri ndi "criteria", "phenomena", "hypotheses", "analyses", "bacteria". Choncho "the selection criteria were", osati "was". Pa "data" pali kusiyana maganizo: majenolo ambiri a sayansi amalemba "the data were collected", pamene anthu ambiri masiku ano amati "the data was". Funsani a supavaiza anu, musankhe chimodzi, ndipo musachisinthe mpaka tsamba lomaliza. Ena amathera ndi s koma ndi chimodzi: "economics", "mathematics", "measles", "diabetes". "Statistics is" ponena phunziro, "the statistics show" ponena manambala.

Mayina a magulu monga "government", "committee" ndi "council", Chingerezi cha ku Britain chimalola mbali zonse ziwiri. M'pepala la kafukufuku n'kwanzeru kuwatenga ngati chinthu chimodzi, "the council collects market fees", ndipo mukatero mlowam'malo wake akhale "it", osati "they". Koma "police" ndi "cattle" nthawi zonse ndi ambiri.

Potchula olemba, dzina limodzi limatenga "argues" kapena "reports", mayina awiri amatenga "argue". Dzina lotsatiridwa ndi "et al." limaoneka ngati munthu mmodzi, koma timawuto timatanthauza ndi anzake, choncho ndi "argue". Mu APA ya chisanu ndi chiwiri, olemba atatu kapena kuposa amalembedwa ndi "et al." kuyambira koyamba, ndiye mudzakumana nazo kambirimbiri. "Table 3 shows", "Tables 3 and 4 show". Pambuyo pa "who", "which" ndi "that", mneni amatsata dzina limene mawuwa akuimira: "vendors who buy from Ntcheu", "a vendor who buys from Ntcheu". Musamalenso "this" ndi "these". M'kamwa mwathu amamveka pafupifupi chimodzimodzi, n'chifukwa chake timapeza "this results" ndi "these study" m'mapepala a anthu odziwa bwino Chingerezi.

Malo amodzi amabala zolakwa zambiri kuposa ena onse. Propozo inalembedwa ndi "will be", amene sasintha: "questionnaires will be administered", "consent will be obtained". Posandutsa propozo kukhala lipoti, "will be" aliyense ayenera kukhala "was" kapena "were". Ena amagwiritsa ntchito Replace All kuti onse akhale "was", ndipo mphindi imodzi yokha chaputala chonse cha njira chimadzaza ndi "questionnaires was". Sinthani mmodzimmodzi, aliyense ndi masitepe anayi aja.

Sabata yomaliza

Musakonze galamala uku mukukonza mfundo, ubongo sungasamale zonse ziwiri nthawi imodzi. Mfundo zikatha, siyani pepala tsiku lathunthu osaliyang'ana. Mukabwerera, yambani pakompyuta ndi Ctrl+F. Sakani "is", "are", "was", "were", "has" ndi "have" limodzilimodzi, kenako "there", "number of", "each", "one of", "data", "et al." ndi chizindikiro cha %. Paliponse pamene kompyuta yaima, pezani mwininkhani. Chiganizo chilichonse chopitirira mawu 30 chiduleni pawiri, ndipo mubweretse mwininkhani pafupi ndi mneni wake.

Kenako sindikizani, chifukwa papepala maso amagwira zimene amalumpha pa sikirini. Werengani mokweza kuyambira chiganizo chomaliza kubwerera m'mbuyo. Mukawerenga mwa ndondomeko yake, nkhani imakutengani ndipo mumawerenga zimene munafuna kulemba m'malo mwa zimene zilipo. Masamba khumi pa kukhala kumodzi ndi okwanira, mukapitirira maso amayamba kuvomereza chilichonse, ndiye pepala la masamba 40 lipatseni masiku anayi. Mzere umene Word amatseka kunsi kwa mawu, ngakhalenso wa pulogalamu yokonza galamala ya Grammarly, umathandiza pa ziganizo zazifupi, koma pa zazitali umaphonya ndipo nthawi zina umakupatsani chosalondola. Musavomere chosintha chimene simungafotokoze chifukwa chake.

Sinthanani mapepala ndi mnzanu, aliyense ayang'ane mgwirizano wokha, osati mfundo. Cholakwa chilichonse chimene wapeza chilembeni kumbuyo kwa kope pamodzi ndi mtundu wake. Mudzaona kuti sizambiri: munthu aliyense amakhala ndi mitundu iwiri kapena itatu imene amaibwereza, wina "there is", wina maperesenti, wina mayina osawerengeka, ndipo mukadziwa yanu mudzaisakanso ndi Ctrl+F m'pepala lonse.

A supavaiza akapempha zosintha zomaliza, bwerezani masitepe anayi pa chiganizo chilichonse chimene mwakhudza, pakuti mukasintha "the factor" kukhala "the factors", mneni wakale amatsalira mmene analili. Onaninso mitu ya matebulo, mawu a pansi pa zithunzi, tsamba lothokoza ndi abstract, imene woyesa amayamba kuwerenga. Mukatsimikiza, sungani failo ngati PDF musanapite kosindikiza, kuti matebulo ndi manambala a masamba asasunthe pa kompyuta ya eni shopu, ndipo muwerenge masamba onse asanamange buku.